Galimoto ya Alamu Anga pa Tsiku la Mapulaimale

Tinanyamuka pa boma la Dowa m'mawa, nkhungu idakali thoo, mwezi wa Juni chaka chimene zipani zinali zitangochuluka. Nthawi imeneyo aliyense wokhala ndi jekete ankadziona ngati phungu, ndipo alamu anga a Kadzuwa, amuna awo a achemwali anga, anali ndi majekete awiri. Ankapita kwathu kumapiri a Ntchisi kukaimira pa mapulaimale a chipani chawo. Chisankhocho chinalibe mapepala: woimira amaima kutsogolo osacheuka, omufuna n'kundanda kumbuyo kwake. Ine ananditenga chifukwa ndine mwana wakomweko, wa kwa anaBanda, pamene iwo ndi mkamwini chabe.

"Phungu safika pa matola, alamu," anatero. "Anthu amavotera galimoto."

Galimotoyo inali yakalekale, yogula kwa m'busa wina wopuma, ndipo batire yake inafa kale. Tinaikankhira kumtsetse, ine ndi anansi awiri, mpaka inatsokomola n'kulira. Alamu anatsegula boneti, natulutsa sikuludiraiva m'thumba la jekete, nayamba kupotokola kasikuluu ka aidolo pa kabuleta, kamene kamachititsa injini kulirabe munthu akachotsa phazi pamoto. Ankakachepetsa kuti mafuta asathe. Koma ankachita zimenezi injini ili yozizira, choko chowonjezera mafuta poliza galimoto atachikoka mpaka kumapeto. Ndinawauza kuti m'busa uja ankayamba waitenthetsa, n'kubweza choko, kenako n'kumakhudza sikuluuyo.

"M'busa ankayendetsa mpingo. Ine ndikukayendetsa dera."

Basi, tinauyamba ulendo.

Pa Dzaleka injini inali itatentha. Anangobweza choko, galimoto zii! pakati pa msewu. Amuna awiri othawa nkhondo, amene anali atangofika kumene m'dziko muno, anatikankha osamva n'Chichewa chomwe. Alamu anawalonjeza mjigo kudzera pawindo.

Kuchoka apo ndi msewu wafumbi wolowera ku Ntchisi, wokwera n'kutsika m'minda ya mapesi ouma. Galimoto inkazima paliponse pamene tachepetsa liwiro: pa mlatho wamitengo, pa mbuzi, pa ngolo ya fodya. Msana wanga unayamba kudziwa kulemera kwa ndale.

Dzuwa litakwera tinaima pa kamsika kena, dala pamtsetse. Ndinagula tchipisi cha mbatata yakachewere pachiwaya, chothira tsabola wambiri, ndi kapu ya thobwa. A Saidi, mwini golosale, anatuluka kudzaona, ndipo posakhalitsa boneti inazunguliridwa. Wina akuti potokolani kumanja, wina kumanzere, wina akuti vuto ndi boma lakale.

"Masiku ano ndi demokalase, bwana," anatero a Saidi. "Aliyense apotokoleko."

Alamu, poopa kukhumudwitsa ovota, analoladi! Sikuludiraiva inayenda m'manja anayi. Pomaliza iwo eni anakoka choko n'kuchipana ndi pegi yoyanikira zovala kuti chisabwerere. Galimoto inasiya kuzima, inde, koma tsopano inkakuwa ngati chigayo, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo.

"Mwamva mphamvu?" anandifunsa monyada. Sindinawamve bwino, ndinangoona milomo.

Chakumasana, titalowa m'dera lathu, tinapeza masamba aawisi atayalidwa mumsewu. Maliro. Mwana aliyense amadziwa za pamenepa: wanjinga amatsika, wachipewa amavula, galimoto imadutsa mwakachetechete ngati ikupepesa. Alamu anachepetsa liwiro n'kuponda kilatchi, injini n'kukuwa kuposa kale. Amayi amene ankaimba pasiwa analekeza nyimbo pakati. Amuna onse pansi pa mtengo wa mango anatembenuka, ndipo ambiri ndinkawadziwa maina.

Bambo wina wachikulire anafika pawindo atagwira chipewa pachifuwa.

"Pepani bambo, pano pali zovuta. Tazimitsani pang'ono, bokosi likutuluka."

"Ikazima siyilira iyi," anakuwa alamu. "Ndikuthamangira kumapulaimale. Ndine Kadzuwa!"

"Takudziwani. Si inu akamwini a kwa anaBanda?"

Ndinawagwira mkono. "Alamu, chonde zimitsani. Titsike, tikhale pansi, tipepese. Atikankha omwewa."

"Phungu akankhidwe pamaso pa ovota? Mwapenga?"

Anaponya giya. Galimoto inadumpha, ekisozi n'kuphulika, phuu! Utsi wonse unakathera pa amayi a kwaya ovala zoyera. Ine ndinamira pampando ndi manyazi. Kunena zoona, ndinalakalaka ndikanakhala m'bokosimo ndine.

Tinafika pa bwalo la sukulu pamene panayenera kuchitikira chisankho. Panali mbuzi ndi mkulu mmodzi wa chipani akuwodzera pa desiki. Anatiuza kuti mapulaimale adikira kaye, anthu akaike maliro.

Bwalolo lili m'chigwa, lathyathyathya, popanda poti n'kukankhira. Ndiponso injini, italedzera ndi mafuta a choko, inali itayamba kutsamwa. Alamu anandikhazika pampando wawo.

"Phazi lisachoke pamoto. Ndikapambana ndichoke pano anthu akuimba, osati akukankha."

Ndinakhala pamenepo ndikupopa moto mpaka mwendo unachita dzanzi. Dzuwa litapendeka anthu anayamba kutsika phiri, mapazi ali ndi dothi lofiira la kumanda. Amayi a kwaya analipo. Bambo wachipewa uja analiponso, ndipo ndi amene anapatsidwa ntchito yowerenga.

Oimira anali atatu. Anaima moyang'ana khoma la kalasi, alamu pakati, jekete atalikunga mabatani. Likhweru linalira. Anthu anagawikana ngati madzi pamwala, ena uku ena uko, osaseka n'komwe. Kumbuyo kwa alamu kunali mthunzi wawo wokha. Iwo anali chilili, chifuwa patsogolo, akumva mapazi ambirimbiri n'kumamwetulira khoma.

Munthuyu anandikwiyitsa tsiku lonse, koma kumuona ali yekhayekha choncho kunandipweteka. Ndi bambo wa ana a achemwali anga. Ndinachotsa phazi. Injini inatsokomola kawiri n'kufa, bwalo lonse linati zii. Ndinayenda motsimphina, anthu onse akundiyang'ana, n'kukaima kumbuyo kwawo.

Paulendowu ndinaphunzira kuti aidolo amaikonza injini itatentha, choko chitabwezedwa, ndiponso munthu mmodzi yekha. Za alamu sindikudziwa ngati anaphunzirapo kanthu. Wowerenga anafika pamzera wathu, nanena mokweza kuti, "Mmodzi." Alamu sanacheuke, sanafunse kuti mmodziyo ndani. Anangonong'ona mano ali gwa:

"Alamu, mwazimitsa galimoto?"