Kompyuta ya Pamwamba pa Kabati

Zithunzi 8,400 za nsalu za batiki zimene ndimagulitsa pa intaneti zimasungidwa m'kompyuta yakale ya aneba anga, bambo okonza mawailesi kuno ku Pekalongan, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja. Bambowa sakhala pansi. Khofi amamwa choimirira, uku akutokosa mawaya, uku akunyoza makampani osungira anthu zinthu pa intaneti. "Munthu wosamudziwa nkhope ungamusungitse katundu?" amatero. Mapulogalamu a m'kompyuta ya bambowa ndi aja aulere, oti aliyense angathe kuona mmene anapangidwira n'kuwakonza. Kompyutayo imangolira pamwamba pa kabati, chifukwa kuno madzi a m'nyanja amalowa m'nyumba osaodira.

Mwezi watha madziwo anabwera mwaukali. Ndinathamangira kwawo mtima uli m'mwamba, poti makasitomala anga amasankha nsalu poona zithunzizo. Ndinawapeza madzi ali m'chiuno, kompyuta ili pamutu, akulunjika kumzikiti wosanja.

"Njinga yamoto ikumira, inu mwasenza chibokosi!" anakuwa akazi awo. "Nanga ine mundisenza liti, bambo?"

"Inu mumatha kusambira, mayi!"

Titafika m'chipinda cham'mwamba ndinayamba kuthokoza, koma anandidula pakamwa. "Iwe mwana, ndikanaterereka pamasitepe paja, bwenzi ukuthokoza ndani? Chinthu chosungidwa malo amodzi n'chotayika kale."

Chimvereni mawu amenewo sindikukhazikika, mitambo ikangoda ndimasuzumira kwawo. Loweruka ndikagula kompyuta ina yakale, bambowa andiikire mapulogalamu omwewo, ndikaisiye kwa azakhali anga kumapiri kuti zithunzizo zizisungidwa kuwiri.