Mlamu wanga ndi waya wa nikelo

Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, anthu ankamutcha Makala, chifukwa waya uliwonse umene wagwira sankausiya usanafiire. Ntchito yake inali yopota makoyilo a ndudu zamagetsi, timawaya tija timene timatenthetsa madzi onunkhira kuti munthu akoke nthunzi. Kashopu kake kanali kuseri kwa malo ometera tsitsi. Munali tebulo lopserera m'mphepete, shelefu ya mabotolo, ndi mpando umodzi umene ankakhalapo yekha.

Luso anali nalo, ndisamunamizire. Anayambira pa mawailesi, ndipo zala zake zinkapota waya osayang'ana n'komwe. Koma dzanja lomwelo silinkachedwa kuuluka. Kasitomala wina atadandaula kuti nthunzi ikumveka kupserera, anatuluka chafutambuyo, kolala ya malaya ake itatsala m'manja mwa Makala. Amene ankalawa kwambiri anali achemwali. Ankamuthandiza kudula thonje loika m'makoyilo ndi kusankha mawaya, ndipo sabata sinkatha asanatupe pena pake. Tinawauza kangapo kuti achoke asanafe, iwo ankangoti asintha. Ine ndinkadana naye, iyenso ankadziwa.

Koyilo ikada, Makala ankachotsa thonje n'kuiyatsa youma mpaka ifiire, kenako n'kuuzira phulusa. Pa waya wamba, wolimba uja, zimenezo zimatheka. Koma pali wina wa nikelo, wofewa ngati ulusi, umene sufuna kufiiritsidwa. Ukapsa umatulutsa zoipa zimene munthu angakokere m'mapapo, komanso umakoka moto wambiri pa batire. Umafuna chipangizo chodziyezera kutentha chokha.

Tsiku lina ndinadutsako masana kukasiya makiyi a kunyumba. Ndinapeza Makala akumangirira koyilo ya kasitomala pa chipangizo chake chakale, kachubu kachitsulo kopanda chitetezo chilichonse, batire ndi batani basi.

"Bambo a mwana, umenewo ndi wa nikelo," anatero achemwali. "Ndaukhudza ine, ndi wofewa. Musauyatse pamenepo."

"Wayamba liti iwe kundiphunzitsa ntchito?"

"Sindikukuphunzitsani ayi, ndikungoti..."

Sanamalize. Mbama inawagwetsera pa shelefu, mabotolo n'kumwazika pansi. Ine ndinanyamula mpando uja. Sindibisa, ndinkafuna kumuphwanya mutu. Achemwali anandigwira mwendo ali chigonere, magazi akuchucha m'mphuno.

"Iwe, siya! Ukamangidwa chifukwa cha ine?"

Makala anaseka. Anakweza kachubu kaja pafupi ndi nkhope yake kuti tonse tione bwino.

"Alamu, yang'anitsitsani. Mwina muphunzirapo kanthu."

Anadina batani osalisiya. Waya unafiira nthawi yomweyo, ndipo kachubu kanayamba kulira ngati ketulo. Ndinaona nkhope yake ikusintha, chitsulo chinali chikumuwotcha. Munthu wanzeru akanachiponya kutali. Koma ife tinali kumuyang'ana, ndiye anachigwiritsa.

Phuu! Batire linaphulika, chivindikiro cha kachubu chinakaboola siling'i. Utsi wowawa unadzaza chipinda, ometa tsitsi akukuwa kuseri kwa khoma. Makala anali chogwada, mano awiri ali patebulo, chala chachikulu chikulendewera pa kachikopa, zina ziwiri zitang'ambika mpaka fupa kuoneka. Ankalira ngati mwana, akuitana amayi ake.

Ine ndinangoima, ndipo chisoni sichinandigwire ngakhale pang'ono. Achemwali ndiwo anadzuka, n'kuvula mpango kumutu, n'kumumanga dzanja mwamphamvu. Magazi awo ndi ake anasakanikirana pa nsaluyo.

Kuchipatala anadula zala zitatu. Kwa milungu isanu achemwali ankamusambitsa, kumumangira mabatani, kumudyetsa ndi supuni. Makoyilo ankawapota achemwali okha, ndipo makasitomala sanadandaule. Makala ankakhala pakona, akuwatchula "mayi" ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo chikwatiranireni. Zinandinyansa. Ndinkaona kuti abwereranso m'moto momwemo.

Ndinawafunsa tili awiri pakhonde.

"Achemwali, mukudikira kuti dzanja lamanzere nalo liphunzire kumenya?"

"Ndikudikira bala lipole," anatero. "Sindifuna anthu azidzati ndinathawa wodwala."

Tsiku lochotsa ulusi pabala, achemwali anamuperekeza kuchipatala, n'kubwera naye kunyumba, n'kumukhazika pampando. Anamuikira madzi akumwa mbali ya kumanzere. Kenako anabereka mwana, n'kundipatsa chikwama kuti ndinyamule. Makala anatiitana mpaka tinakhota pa msewu, koma achemwali sanacheuke.