Womaliza pa Lamba wa Fodya

Mwanabibi anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Mangochi potsatira mwamuna. Mwamunayo atamwalira, iye anatsala yekha m'kachipinda ka lendi ku Mgona, komwe anansi ankangomuti "mayi wa mpango uja". Mu 2004 anapeza ntchito pa fakitale ina ya fodya ku Kanengo.

Mabelo akamasulidwa, fodya ankayenda pa lamba kupita kumakina, azimayi ataima m'mbali n'kumatola zosafunika: nthenga za nkhuku, tizingwe ta pulasitiki, udzu, pena ndi chitsononkho chomwe. Alimi enatu, Mulungu awakhululukire, belo amaliyesa dzala. Ndipo lamba sadikira munthu. Chimene waphonya wakumtunda, wakumunsi atole. Chikapyola womaliza, kapitawo amabwera kudzafunsa amene akugona.

Womalizayo anali Mwanabibi, ndipo pafupi naye chakumtunda pankaima Vaileti wa ku Area 25. Phokoso la makina silinkalola macheza, moti ankangolankhulana ndi maso, koma masana ankagawana chinangwa kuseri kwa shedi. Mu Lilongwe monse, Vaileti yekha ndiye ankamutchula dzina.

Chaka chotsatira Vaileti anayamba kutsokomola ndi kuwonda, manja n'kulemera. Zinyalala zinkamudutsa akuziona. Akanadziwika, ntchito ikanatha, pamene anali ndi ana odalira iye. Mwanabibi anaganiza zomuphimba. Mnzako akapsa ndevu m'zimire: anayamba kutolera anthu awiri, mpaka madzulo mapewa ankachita kuyaka.

Changu chimenechi n'chimene chinawononga zinthu. Kapitawo, bambo Nedson, anamuona.

"Amayi, manja anuwa si masewera. Kuyambira mawa mukaime koyambirira, kumene zinyalala zimachuluka."

"Abwana, ine ndinazolowera konkuno."

"Iii, munthu kumuyamikira n'kumakana?"

Akanati chiyani osaulula mnzake? Anapita. Vaileti anakhala womaliza, kumunsi kwake kopanda womuphimba. Mwanabibi anayesetsa kutola zonse zisanatsike, koma manja ndi awiri basi. Sabata isanathe Vaileti anaitanidwa ku ofesi, ndipo m'mawa mwake pamalo pake panaima munthu wina. Masana amenewo Mwanabibi anadya chinangwa yekha kuseri kwa shedi.

Lamlungu anamanga kashuga ndi sopo pansalu n'kuyenda wapansi mpaka ku Area 25. Pamsika anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Zikomo amayi, ndikufuna kwa a Vaileti, ankagwira ntchito ku Kanengo."

"Vaileti wake uti? Bambo awo ndani? Amakhala sekita iti ya Area 25 muno?"

Zala za mnzakeyo Mwanabibi ankazidziwa chimodzichimodzi, mpaka chipsera cha pachala chachikulu, koma dzina la bambo ake kapena njira ya kwawo sanafunsepo. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi.

"Ndi woonda," anatero motsitsa mawu. "Amatsokomola."

Mayi uja anamuyang'ana, kenako anabwerera pa tomato wake.

"Pepani mayi. Oterowo kuno ndi ambiri."