Mame a M'munda wa Fodya

Chizindikiro choyamba chinali malovu. Unali mwezi wa Febuluwale, titangoyamba kuthyola fodya pa esiteti ina ku Chulu, komwe ine ndi amuna anga tili matenanti. Cha m'ma teni koloko ndinayamba kulavulalavula, kenako chizungulire, kenako kusanza mpaka m'mimba munatsala mphepo yokha.

Anandikweza kabaza wa kuchipatala, komwe ndinadikira pabenchi mpaka masana. Malungo sanapezeke, mimbanso ayi. Anandipatsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo patatha masiku awiri ndinali bwinobwino. Nditabwerera kumunda, zomwezo. Nditadwala kachitatu, akapitawo anati matenda ochira Lamlungu ndi ulesi, ndipo zikachitikanso munda wathu aupereka kwa banja lina. Ndinachita mantha kwambiri, poti kwathu ku Mulanje tilibe polima.

Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, Anaphiri, tenanti mnzanga wamkamwa mosauma, anandiyang'ana.

"Inu, mumadwala tsiku louma kapena lonyowa?"

Sindinadziwe. Koma amayi ena anayi anaulula kuti nawonso zimawachitikira, amangobisala kusanzako kuopa dzina la ulesi. Tinagwirizana kuti wodwala aliyense azilemba mzere ndi khala pamzati wa chigafa, kumanja ngati tsamba linali lonyowa, kumanzere ngati linali louma. Patatha masabata atatu, kumanja kunada bii.

Chotipweteka chinali khama lathu lomwe. Tinkalawirira mame asanakamuke kuti atione olimbikira, n'kumapanira masamba m'khwapa, bulauzi ili yonyowa.

Awiri mwa ife tinapita kukafotokozera namwino wa kuchipatala kuja. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Chimenecho ndi chikonga cha fodya, chimalowa pakhungu tsamba likanyowa. Mwachipeza nokhatu amayi."

Kwa akapitawo tinapita tonse asanu ndi mmodzi, n'kuwatengera pamzati paja. Anakanda m'mutu, koma anavomera. Tsopano timayamba mame atakamuka, timavala mapulasitiki a m'matumba a feteleza, ndipo tikaweruka timasamba ndi sopo.

Nyengo ziwiri zapita osasanzanso, mundanso tidakali nawo. Ndimathokoza Mulungu, namwino uja, makamaka amayi anzanga.

Mukamva chizungulire m'munda, pitani kuchipatala msanga, chifukwa mwina angakhaledi malungo. Mukabwerako, muuzeko mnzanu wa mzere woyandikana nawo. Ine ndinadwala katatu ndili chete. Anaphiri anandiuza pambuyo pake kuti iwo anasanza mobisa zaka zisanu ndi ziwiri.