Fodya Amene Ndinabisa ku Sikelo

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, mwezi wa Julayi, ndili m'dimba la mbatatesi kumtunda kwa Tsangano. Zimene ndikunenazi n'zoona, sindikuwonjezera kanthu, ndipo ine si munthu wolankhula pagulu, moti ngakhale mayi anga ondibala sanazimvepo.

Ndiyambire kumbuyo pang'ono. Ndinatenga pakati ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kathupi kanga kali kakang'ono, ndipo amayi a kwawo kwa amuna anga, kumene ndinkakhala, ankandiyang'ana m'chiuno n'kumaseka kuti kameneka kakabereka ndi mpeni basi. Mpeni wa kuchipatala ndinkauopa kuposa imfa. Ndiye alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti mankhwala ake ndi chingambwe, fodya wakuda uja, chifukwa ukamasuta mwana sakula kwambiri m'mimba, amangoterereka potuluka, ndipo nseru nayo imatha. Anati iwo ana awo anayi anabereka choncho. Ine mtengwa wa dzulodzulo ndikanatsutsa bwanji? Anandipichirira m'khoko la chimanga, ndinatsokomola mpaka misozi, koma pakutha pa mwezi ndinkapichira ndekha.

Ku sikelo anamwino anandifunsa ngati ndimasuta kapena kumwa mowa. Ndinayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Mwana anabadwa masiku asanakwane, wamkazi, osafika makilo awiri, ndipo ndisaname, ndinakondwa kuti mpeni ndauzemba. Koma akamapuma m'chifuwa mwake munkalira ngati kamwana ka mphaka. Fodya sindinasiye, thupi linali litazolowera, ndipo ndi kuzizira kwa kwathu kuno ndinkasutira m'nyumba chitseko chili chotseka, iye ali pamphasa pambali panga.

Tsiku ndikunenalo mwanayo anali ndi miyezi iwiri. Ndinamubereka n'kumakumba mbatatesi, iye n'kukhala phee, ine mumtima n'kumathokoza kuti wagona, ndimalize mzere. Mizere inakwana itatu. Nditamutsitsa kuti ayamwe ndinapeza milomo itada, khosi lili lende, bere osalilandira. Ndinamugwedeza, ndinamuuzira kumaso, ndinamutsina kaphazi. Anthu inu, munayamba mwamutsinapo mwana wanu mukupempha Mulungu kuti alire? Ndinathamanga naye wopanda nsapato mpaka kumsewu, bambo wina wa njinga yamoto n'kunditenga osandifunsa kanthu.

Kuchipatala adokotala anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenako anamufunditsa chitenje changa mpaka kumutu. Anandifunsa mofatsa ngati m'nyumba mwathu muli wosuta. Anati sangalumbire chimene chachitika, koma ana a amayi osuta amabadwa ochepa, a chifuwa chofooka, ndipo ena amangosiya kupuma ali m'tulo. Ndinapukusanso mutu.

Madzulo a tsiku lomwelo amayi akuluakulu a m'mudzi anali atagamula kale kuti ndi tsempho. Amuna anga ankapita ku Lizulu kukagulitsa mbatatesi, ndiye amayiwo anati anayenda ndi mkazi wina kumeneko n'kudzanyamula khanda. Amuna angawo anagwada pamaso pa amalume awo, akulira ngati mwana, kulumbira kuti sanakhudzepo mkazi wina. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mayi a mwana, inu mumandidziwa, auzeni anthuwa. Alamu anga anali pakhomo, maso ali pa ine. Ine sindinawaikire kumbuyo. Patapita miyezi yochepa amuna anga analowera ku Joni, ndipo mpaka lero sanabwerere, ngakhale uthenga.

Ine ndimakhulupirira kuti mwana wanga sanasemphedwe ndi munthu. Ndinamuchepetsa ndekha, dala, kuti ine ndisachekedwe. Atsikana anzanga oyembekezera, wina akakuuzani kuti fodya amafewetsa uchembere, mukanireni, olo akhale apongozi anu, ndipo anamwino akakufunsani nenani zoona. Bala la mpeni ndimaliona kwa anzanga, linapola, ana awo ali ku sukulu.

Tinamuika Lachisanu. M'mawa mwake ndinadzuka anthu a pamaliro asanadzuke, bulauzi itanyowa ndi mkaka. Ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi, ndinakhala pansi, n'kupichira chingambwe n'kusuta mpaka chinandiotcha zala.