Ana Awiri Otsalira mu Kompyuta

Bambo anga aang'ono atamwalira, ntchito yokataipitsa pulogalamu ya maliro inagwera ine, poti akuti ndine wa sukulu. Ndinachoka pa siwa ku Area 3 m'mamawa, mbiri ya malemu ndili nayo pa pepala, n'kutsetserekera ku Old Town. Kuseri kwa sitolo ya amwenye yogulitsa nsalu kunali kachipinda kotaipira ndi kusindikiza.

Mtsikana wa pamenepo sanayambe pa tsamba loyera. Anatsegula pulogalamu ya maliro a munthu wina amene anaikidwa kale, n'kuyamba kufufuta ndi kulowetsa zathu. Dzina lachoka, lina lalowa, mudzi wachoka, wina walowa. Umu ndi mmene amagwirira onse, chifukwa mtanda, maluwa ndi nyimbo zimakhala zili kale m'malo mwake. Zala zake zinkathamanga, kwinaku akukangana ndi wina pa foni. Ine maso anali pa chithunzi cha malemu, kuti chisapendekeke. Mawuwo sindinawawerenge, nayenso sanawawerenge.

Kumanda, mkulu wa mpingo anawerenga mbiriyo mokweza, mosadumpha kanthu. Atafika kumapeto anati malemu asiya mkazi ndi ana asanu. Ana a m'nyumbamo ndi atatu, ndipo aliyense pamalirowo ankadziwa zimenezo. Amayi a mvano anayang'anizana. Kumbuyo wina anatsokomola. Mayi aang'ono, mkazi wa malemu, amene anakhala akulira chiyambire, anangoti zii, ndipo ine ndinachita mantha kuposa nthawi imene ankalira.

Pofika madzulo ana awiriwo anali atapeza kale mayi wawo. Ena amati ndi wa ku Area 12, kumene malemu ankagwira ntchito ya ulonda. Ena amati anamuona pamanda atavala chitenje chobiriwira. Pakamwa pa anthu sipatsekeka, ndipo munthu woti n'kudziyankhira tinali titamukwirira.

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa bambo aja anali munthu wa kuntchito, kunyumba, kutchalitchi, basi. Titasesa pa siwa, ndinawatenga mayi aang'ono kupita nawo ku kachipinda kaja kuti akaone okha. Mtsikana uja anatsegula pulogalamu yakale ija, n'kuloza mzere womwewo pa galasi la kompyuta.

"Pepani mayi, anawa ndi a malemu enawo. Mzerewu ndinangouiwala. Taonani, ndikukonza pompano."

Anatsegula pulogalamu yathu, anadina batani, mawu oti asanu anachoka, analemba atatu. Anatinso asindikiza ina yaulere.

Mayi aang'ono anayang'ana galasilo, manja ali pa chikwama.

"Zafufutika pamenepo, mwanangu," anatero. "Nanga m'makutu mwa anthu mudina pati?"

Pepala latsopanolo sanalilandire. Tili mu minibasi pobwerera, anandifunsa chapansipansi, osandiyang'ana, ngati ineyo ndinamvapo chilichonse bambo aja ali moyo.