Nyumba Imene Ndinalanda Alamu Anga

Kwa zaka zambiri ndinali womasulira mumpingo wathu ku Mufakose. Abusa ankalalikira m'Chishona, ine nditaima pambali pawo n'kumatembenuzira mawuwo m'Chichewa. Ndinkachitira akuluakulu amene anachoka ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito, ndipo Chishona sichinakhazikike m'makutu mwawo. Ankakhala mabenchi awiri akutsogolo, amayi atafunda zitenje, abambo atagwirizira ndodo. Mkati mwa sabata ndinkawotcherera zitsulo ku Workington, koma ntchito imene mtima wanga unalipo inali ya Lamlungu. Wina mwa akuluakuluwo akadwala ankatumiza uthenga kwa ine, chifukwa munthu akafooka amafuna kumva pemphero m'chinenero chimene mayi ake ankamuitanira. Masiku amenewo ndikagwada, mawu ankangobwera okha.

M'banja mwathu tinabadwa awiri, ine ndi akulu anga. Bambo atamwalira, akulu angawo ndi amene anatsala m'nyumba ya banja ku Mufakose komweko, pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo awiri aakazi. Ine ndi banja langa tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu ku Warren Park, bafa limodzi mabanja atatu. Mapepala a nyumba ya banja ija anali adakali m'dzina la bambo.

Kenako akulu anga anadwala miyezi itatu n'kutisiya. Maliro atatha, achibale anasonkhana pakhonde kuti akambirane za katundu. Amalume, amene ankatsogolera zokambiranazo, anafunsa ngati malemu bambo anasiyapo mawu onena za nyumba. Ine ndinatsokomola, n'kunena kuti masiku awo omaliza m'chipatala bambo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti akulu anga akhalemo pamene ali moyo, koma pambuyo pake nyumbayo idzakhale yanga.

Bambo sananene zimenezo. Masiku awo omaliza sankalankhula n'komwe. Ndikanakonda kunena kuti bodzali linangopulumuka pakamwa, koma ayi. Ndinalikonza bwinobwino m'kombi, minibasi ya kuno, ulendo wonse wochokera ku Warren Park.

Alamu anga, akazi a malemu akulu angawo, anandiyang'ana. Iwowo ndi amene ankadwazika bambo, ankawamwetsa phala ndi supuni, ndiye ankadziwa zonse.

"Alamu, bambo ananenadi choncho?" anandifunsa.

"Ananena," ndinayankha.

Amalume anati, "Awa ndi munthu wa Mulungu, sanganame pa nkhani ya malemu."

Alamu anangoti, "Chabwino," n'kulowa m'nyumba. Mwezi usanathe anali atasamukira ku Budiriro, m'chipinda chimodzi ndi ana awo, n'kuyamba kugulitsa tomato ndi masamba m'mbali mwa msewu. Ife tinalowa m'nyumbayo. Ndinapaka penti yatsopano, ndinawotcherera geti labwino ndi manja anga.

Ndinkaganiza kuti alamu asintha mpingo, koma sanasinthe. Lamlungu lililonse ankakwera makombi awiri kubwera ku Mufakose, n'kukhala kumbuyo kwa mabenchi a akuluakulu aja, maso ali pa ine. Anabadwira pafamu kwa makolo a ku Malawi, ndiye Chishona ndi Chichewa ankamva zonse bwinobwino.

Tsiku lina abusa analalikira za kupondereza amayi amasiye. Analankhula motentha, thukuta lili kamukamu. Itafika nthawi yanga, ndinawazemba mawuwo. Ndinangonena kuti Mulungu amafuna kuti tizikondana, basi. Abusa anapitiriza, ine n'kumadumpha. Titatuluka, mayi wina wokalamba wa pabenchi lakutsogolo anandikoka jekete.

"Bambo, abusa aja analankhula nthawi yaitali, inu mwangoti pang'ono. Zinazo mwazisiya kuti?"

"Chishona chimazungulira, mayi," ndinatero ndikuseka. "Mfundo yake ndi yomweyo."

Anagwedeza mutu n'kundikhulupirira. Alamu anali ataima chapafupi, akumanga chitenje.

Kuyambira pamenepo chinasanduka chizolowezi. Mawu alionse ondikhudza ndinkawafewetsa kapena kuwasiya: za umboni wonama, za kubweza zimene walanda, za kuyanjana ndi m'bale wako usanabwere kuguwa. Anthu amene ankadalira pakamwa panga ankabwerera kwawo ndi uthenga wotsalira. Kunyumba nako ndinasiya kupemphera ndi ana. Ndikagwada ndekha ndinkangobwereza mawu oloweza, ndipo ndinkadzimva ngati munthu amene akulankhula pa foni yoti inaduka kale. Buku Lopatulika ndinkalitsegula kuti ndikonzekere kumasulira basi, osati kuti lindiuze kanthu. Chodabwitsa n'chakuti anthu ankandilemekezabe. Zaka zinayi zinatha choncho.

Loweruka lina masana anandiitana kwa bambo wina wa mumpingo mwathu amene anali atatsala pang'ono kufa. Anagwira ntchito pafamu moyo wawo wonse, ntchito za m'mafamu zitatha n'kudzakhala mlonda m'tauni. Ndinawapeza atagona pamatiresi m'kachipinda kotentha, ataonda kwambiri. Anauza mwana wawo wamkazi kuti atuluke, n'kundiuza kuti ndisendere pafupi.

"Ndinasiya mkazi ndi khanda ku Ntcheu," anatero. "Ndinawauza kuti ndibwera pakatha zaka ziwiri. Sindinalembe ngakhale kalata. Kuno ndinakwatira wina, ndipo ana angawa sadziwa." Anapuma kaye. "Inu mumadziwa mawu a Mulungu. Munthu amene analakwira mnzake, osapita kukapepesa, n'kumangopemphera yekha m'chipinda, Mulungu amamumva?"

Zaka zingapo m'mbuyomo ndikanadziwa chochita. Ndikanawauza za chifundo cha Mulungu, ndikanaitana mwana wawo uja kuti amve choonadi, mwina tikanafufuza abale a ku Ntcheu nthawi ikadalipo. Koma funsolo linali langa ndemwe. Ndikanati amamva, ndikanakhala ndikudzipepesa ndekha. Ndikanati samva, ndikanadziweruza. Ndinayang'ana pansi.

"Tiyeni tiimbe nyimbo, bambo," ndinatero.

Ndinaimba ndekha ndime ziwiri. Iwo anatembenukira kukhoma. Anamwalira Lolemba, ndipo pamaliro pawo ine ndi amene ndinamasulira.

Nkhani imeneyi inandisowetsa mtendere, moti sabata yotsatira ndinakwera kombi ya ku Budiriro nditatsimikiza mtima kuti ndikaulula. Kumeneko madzi a m'mipope anali atasowa masiku ambiri. Alamu ndinawapeza pamzere wa pamjigo, ali ndi zigubu zinayi, dzuwa likuswa mtengo. Tsitsi lawo linali litayamba imvi. Tinadikira limodzi, ndipo atatunga ndinawanyamulira ziwiri mpaka kuchipinda chawo. Munali bedi limodzi, katani yogawa chipinda, ndi kabati ya mayi anga imene anachoka nayo ku Mufakose. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pabedi.

"Alamu, ndabwera," ndinayamba.

Anadikira. Ndinaona m'maso mwawo kuti akudziwa chimene chandibweretsa, ndipo akundipatsa mpata. Koma m'mutu mwanga munabwera bafa la mabanja atatu lija, ana anga amene anali atazolowera zipinda zawo, amalume, komanso nkhope za anthu akumpingo akadzamva.

"Ndabwera kudzaona ngati madzi akupezeka kuno."

"Madzi ndi omwe mwanyamulawa," anatero.

Tinacheza za sukulu ya ana ndi za mvula. Pondiperekeza, titafika pageti, anaima.

"Alamu, nyumba ija ine ndinasiya kuilira. Chimene chimandipweteka ndi kukumvetserani Lamlungu. Agogo aja amabwera ndi njala, inu n'kumawabisira chakudya chifukwa cha ine."

Ndinakakwera kombi n'kubwerera kunyumba. Lamlungu lotsatira ndinauza abusa kuti utsi wa kuntchito wandiwononga pakhosi, sindingathenso kuima kutsogolo. Limenelonso linali bodza. Anafufuza wina woti alowe m'malo mwanga koma sanapezeke, chifukwa ana athu obadwira kuno Chichewa amangochimva, kuchilankhula chimawavuta. Akuluakulu aja anabwerabe kwa miyezi ingapo, n'kumakhala chete akumvetsera ulaliki umene ankangotolako mawu apa ndi apo. Kenako anayamba kujomba mmodzimmodzi. Ena anamwalira popanda wowapempherera m'chinenero chawo, ine ndili m'nyumba, misewu iwiri yokha kuchokera kwawo.

Alamu anagwa mwadzidzidzi ali pamalo awo ogulitsira, ndipo sanadzukenso. Pamaliro ana awo anandipatsa moni wa m'Chishona, waufupi, ngati wa mlendo. Pano onse ali ku Joni, ndipo nambala zawo ndilibe, ngakhale ndikudziwa kuti nditafuna ndikhoza kuzipeza tsiku limodzi.

Ndinapuma ntchito ku Workington. Kutchalitchi ndimapitabe, ndimakhala benchi lakumbuyo, ndipo pa Mgonero ndimatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndimadziwa zimene ndinkaphunzitsa ena, kuti palibe tchimo loposa chifundo cha Mulungu, ndipo sindikutsutsa. Vuto ndi lakuti ndimafuna chikhululukiro ndili m'nyumba momwemo, makiyi ali m'thumba.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kuuza akazi anga. Anali akuchapa kuseri kwa nyumba, ine ndinakhala pa njerwa n'kufotokoza zonse kuyambira za m'kombi zija. Sanasiye kuchapa.

"Ndinkadziwa," anatero. "Kuchipatala kuja tinkapita limodzi."

"Ndiye zaka zonsezi osandiuza?"

"Ndikanakuuzani chiyani? Nanenso ndinatopa ndi lendi." Anafinya malaya n'kuwaponya m'beseni. "Musakanene kumpingo, bambo. Takalamba ife. Tikakhala kuti?"

Ndinayembekezera kuti mtima wanga ukana. Koma m'malo mwake ndinamva kupepukidwa, ngati munthu amene wauzidwa kuti ulendo umene ankauopa walephereka. Ndinaimirira n'kuwathandiza kuyanika zovala, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka lero.